Mlandu wa Tereza ndi Atsibweni Ake

1977, Msakambewa

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba. Mudazimva kale kwa azakhali anu, ndipo iwo amazithira mchere kuposa ine. Ndiyambira pamene ndidayamba kudya thukuta langa. M'chaka cha 1977 boma lidandilemba ukalaliki pa khoti lina la miyambo cha kufupi ndi Msakambewa, lija anthu ankalitcha khoti la mafumu. Nyumba yake inali ya zidina ndi malata adzimbiri, mabenchi ake otsamira khoma chifukwa miyendo idadyedwa ndi chiswe. Bwana wanga woyamba anali a Chikuse, wapampando wa khotilo, munthu wamfupi wa mawu aakulu. Ankanditcha "mnyamata wa cholembera" mpaka imvi zidayamba kundituluka. Sindidawakonde, ndisakunamizeni, koma ntchito ndidaiphunzira kwa iwo: kulemba msanga, kusaseka mboni ikamanama, ndi kusalandira nkhuku ya munthu amene mlandu wake ukulowa mawa.

Milandu yathu inali ya ng'ombe zolowa m'munda wa eni, ya malire, ya chigololo ndi ya maukwati otha. Ya maukwati ndiyo inkachuluka, makamaka fodya akagulitsidwa, amuna mitu itazungulira. Pa milandu imeneyi ana ankatchulidwa kumapeto, pamodzi ndi mbuzi, ziwiya ndi nkhokwe. A Chikuse ankangofunsa kuti, "Ana alipo?" Akamva kuti alipo, ankati, "Ana ndi a kuchikazi. Tambala sayenda ndi anapiye. Lemba, mnyamata." Ine n'kulemba. Zaka zonse zimene ndidakhala pa tebulo limenelo sindidaonepo mwana akufunsidwa kumene akufuna kukhala, ndipo sizidandidabwitse ngakhale pang'ono. Inenso ndine Mchewa. Amayi anu ndidawakwatira chikamwini, ndipo ndinkadziwa bwino lomwe kuti inu eni anu ndi atsibweni anu, alongo a amayi anu. Ine ndinali wobereka chabe.

1994, cha ku Madisi

Zipani zambiri zitabwera, makhoti a miyambo adatsekedwa. A Chikuse adabwerera kwawo kukalima, akutukwana dziko lonse. Ena a ife amene tinkadziwako Chingerezi adatitengera ku maphunziro a miyezi yowerengeka, n'kutibweza tili amajisitireti a giredi yotsika. Ine adanditumiza pa kakhoti kena cha kufupi ndi Madisi. Musaganize kuti unali ulemerero ayi. Makina otayipira analipo koma riboni yake idauma kalekale. Mapepala tinkalemba mbali zonse ziwiri, akatha tinkang'amba makalendala akale. Mesenjala ankaperekera masamani wapansi chifukwa njinga ya ofesi inali yogona pa malimu, yopanda matayala. Mvula ikagwa tinkanyamula tebulo langa kusaka pouma, mboni ili mkati molumbira.

Chimene chidachuluka masiku amenewo ndi mawu akuti ufulu. Woledzera akatukwana apongozi, ufulu. Wakuba chimanga chachiwisi akagwidwa, ufulu. Mtima wanga ndi wapachala, mukundidziwa, ndipo mawuwo adafika pondinyansa. Tsiku lina bwana wathu wa ku Boma adabwera kudzatiyendera. Anali mayi, wamng'ono kwa ine, wophunzira malamulo ku yunivesite, wosakonda nthabwala. Adaika patebulo panga buku la malamulo atsopano oyendetsera dziko, lamasamba opindikapindika chifukwa makhoti angapo ankabwerekana lomwelo.

"A Mbewe, muwerenge pamene akunena za ana," adatero. "Mwana si katundu wogawana. Mlandu ukamukhudza, funso loyamba ndi lakuti chomuthandiza mwanayo n'chiyani. Ndipo akafika pa khoti lanu, mumumve."

"Nanga mwambo, bwana?" ndidafunsa.

"Mwambo ulipobe. Koma ukalimbana ndi bukuli, lipambane ndi bukuli."

Mumtima ndidati awa akuyankhula za ku Lilongwe, sadziwa kuti kuno mwana akamuona wamkulu amagwada ndi kuyang'ana pansi. Komabe bukulo ndidaliwerenga lisanapite ku khoti lina, ndipo mawu ake adandikhala.

Dzinja la 1995

Inali nthawi yothyola ndi kusoka fodya. M'mawa wina ndidamva kalaliki wanga akukalipira munthu pakhonde. Nditatuluka ndidapeza kamtsikana katagwada, katavala yunifolomu ya sukulu yosuluka, matope mpaka m'mawondo.

"Akuti akufuna kusuma, bwana," adatero kalaliki akuseka. "Ndamuuza kuti akaitane akuluakulu akwawo."

Ndidamufunsa dzina, adati Tereza. Zaka, adati khumi ndi zitatu. "Nanga ukufuna kusumira ndani, mwanawe?"

"Atsibweni anga, bwana."

Kalaliki adasiya kuseka. Ine ndidamulowetsa mkati, ndipo nkhani yake inali iyi. Amayi ake adamwalira chaka chapitacho. Bambo ake, a Filipo, anali mkamwini wochokera ku mapiri a ku Ntchisi. Maliro atatha, anthu atameta, akuchikazi adawasudzula monga mwa mwambo, iwo n'kubwerera kwawo ndi khasu ndi bulangete. Tereza adatsala m'manja mwa a Mizeki, alongo a malemu amayi ake, amene anali mwini mbumba. Zaka zimenezo alimi a m'midzi anali atangololedwa kulima fodya wa bale, uja kale ankalimidwa m'maesiteti mokha, ndipo a Mizeki adawokera munda waukulu woposa manja amene anali nawo. Fodya safuna ulesi. Amafuna wothyola, wosoka, womanga zigafa zoumitsiramo, wodinda mabelo. Aganyu amafuna malipiro, koma mkamwini amagwira ntchito ndi mtima wonse popanda kuwerengera dzuwa. Tsono popeza Tereza anali atavinidwa chinamwali, a Mizeki adapeza mwamuna, bambo wamkulu ndithu amene adasiya mkazi kwina, ndipo munthuyo anali atayamba kale kugwira ntchito m'mundamo monga amachitira woyembekeza mkazi. Kanyumba kawo kanali katamangidwa kuseri kwa chigafa. Chimene ankadikira chinali chakuti mvula ithe, udzu uume, afolere.

"Akafolera ndiye kuti ndalowa," adatero Tereza. "Ine ndikufuna sukulu, bwana. Sukulu ndi yaulere tsopano. Mundipereke kwa bambo anga."

Apa ndi pamene lamulo limachita manyazi. Mwana sangatsegule mlandu m'dzina lake yekha. Pamafunika munthu wamkulu womuimira, wolemba dzina lake pambali pa la mwanayo. Kwathu kuno munthu woimira mwana pa bwalo lililonse amadziwika, ndi atsibweni ake. Nanga atsibweniwo ndiwo akusumiridwa? Ndidatuma mesenjala ku Ntchisi kukafuna a Filipo. Adayenda ulendo wonsewo n'kubwera ndi yankho lakuti, "Ine ndinasudzulidwa. Ndingawasumire bwanji alamu anga pa ana awo?" Ha! Ndidapsa mtima, koma ndidawamvetsa, pakuti inenso mwina ndikadayankha zomwezo. Amene adatiwombola anali Mayi Jere, aphunzitsi a Tereza, mayi wonenepa wa mawu okuluwika amene ankaphunzitsa gulu la ana pansi pa mtengo wa mango chifukwa makalasi adadzaza. Iwo ndiwo adawerengera ana za ufulu wawo m'kalasi, osadziwa kuti wina adzazitenga zenizeni. Nditawafotokozera adangoti, "Moto ndinayatsa ndine, bwana. Lembani dzina langa." A Filipo tidawaitana ngati mboni, ndipo samani munthu sakana.

Tsiku la mlandu khoti lidadzaza, ena atasuzumira pamawindo. Mbiri inali itamveka midzi yonse kuti mwana wasumira mwini mbumba. Ndikufuna mudziwe kuti a Mizeki sanali chilombo. Anali munthu wamtali, waukhondo, woyankhula mofatsa, ndipo adavula chipewa asanafike ndi pakhomo pomwe. Nditawapatsa mpata adaima n'kunena kuti:

"Bwana, mwanayu ndi wa mlongo wanga, mimba imodzi ndi ine. Munda umene tikulimawu si wanga, ndi wake, ndi wa ana amene adzabereke. Ine ndikusunga chabe. Mkamwini akalima, akulimira iyeyu. Amayi ake anakwatiwa pa msinkhu womwewu, ndipo alamu anga ali apawa sanadandaule. Lero mukuti apite kwawo kwa bambo ake. Kumeneko akakhala ngati ndani? Akalima pati? Ana a mlongo wawo ndiwo eni nthaka kumeneko. Uyu akakhala mlendo mpaka kukalamba."

Anthu adang'ung'udza movomereza. Ine ndidangoyang'ana pa pepala, chifukwa mawu onsewo anali oona kupatula chinthu chimodzi, chakuti amene ankafuna kumulowetsa m'kanyumbako anali mwana.

A Filipo adalowa ngati munthu wolakwa. Anali woonda, jekete yobwereka, ndipo sadayang'ane alamu awo ngakhale kamodzi. Ndidawafunsa ngati akumufuna mwana wawo. Adati, "Ndimamufuna, bwana, kungoti si ine wonena." Ndidawafunsa kumene akamusunge. Adati kwa mlongo wawo, kumene iwonso ankakhala chisudzulidwire.

"Nanga mukadzakwatiranso, n'kupita chikamwini kwina?"

Adati, "Sindikwatiranso, bwana." Khoti lonse lidaseka, mpaka mesenjala adachita kumenya benchi.

Tereza sindidamufunse pagulu. Mwana wa Chichewa sangatsutse atsibweni ake iwo ali pomwepo, akhoza kuvomera ngakhale kuti mvula ikugwa dzuwa likuswa mtengo. Ndidaimitsa mlandu, n'kumutengera m'kaofesi kanga pamodzi ndi Mayi Jere. Kumeneko sindidamubisire kanthu. Ndidamuuza kuti akachoka pa mudzi wa amayi ake mwa njira imeneyi, mudziwo ukhoza kumutsekera chitseko.

"Munda wa amayi ako uusiya, ukudziwa?"

"Ndikudziwa, bwana."

"Atsibweni ako akwiya."

"Anakwiya kale."

"Nanga ndikangoletsa ukwatiwo, ndikulamule kuti uzipita kusukulu, koma uzikhalabe kwanu?"

Adadzutsa mutu n'kundiyang'ana m'maso, chinthu chimene sadachite chifikire. "Bwana, inu mudzakhala kuno ku khoti. Ine ndidzagona kumeneko. Akadzabwera bambo ofuna kundikwatira aja, ndidzawaonetsa pepala?"

Mayi Jere adatembenukira kukhoma akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Chigamulo ndidachiimika sabata yathunthu, ndipo sabata imeneyo nsima sinkatsika. Njira ya pakati ija, yoletsa ukwati mwana n'kukhalabe kwawo, inali yokoma pa pepala pokha. Akadalondola ndani? Apolisi analibe mafuta a galimoto. Wa ofesi yosamalira anthu anali mmodzi dera lonse, woyenda wapansi ngati mesenjala wanga. Mudzi wonse unali mbali ya a Mizeki, ndipo udzu unali utayamba kuuma m'madambo. Amayi anu, amene sankalowerera za ntchito yanga, nthawi imeneyi adayankhula. Adati, "Bambo a Grace, mwana sachoka pa mbumba. Ukwatiwo ndi woipa, inde, koma mbumba ndi mbumba. Mukamuzula, mukamubzala pati?" Ndidawakalipira kuti za khoti azisiye ku khoti. Iwo adangotola mbale n'kutuluka.

Ndidagamula kuti ukwatiwo usachitike, ndi kuti Tereza akaleredwe ndi bambo ake, azipita kusukulu. Ndidanenanso kuti kwawo kwa amayi ake kukhalabe kwawo, ndi kuti azikachezako pa tchuthi, ngakhale polemba mawu amenewo ndinkadziwa kuti ndikulembera mphepo. Ndinkayembekeza kuti a Mizeki alalata kapena anena za apilo. Ayi ndithu. Adaima, adawerama pang'ono, adati, "Zikomo, bwana. Tamva." Adavala chipewa chawo n'kutuluka, anthu akwawo akuwatsata, osayang'ana kumene mwanayo adakhala. M'mawa mwake tidapeza kamtolo pakhonde la khoti. Munali madiresi awiri, makope, ndi kapu ya pulasitiki.

1997, Ntchisi

Patapita nthawi adandisamutsira ku Ntchisi. Kumeneko kunkazizira, nyumba ya boma inali yong'aluka khoma, ndipo misewu yake nthawi ya mvula inkayendeka ndi ngolo zokha. Milandu inali yomweyo, ya malire ndi ya maukwati, koma ndidayamba chizolowezi choitanira ana m'kaofesi kukawamva paokha, ndipo anzanga ena ankandiseka kuti ndasanduka mlezi.

Tsiku lina la msika ndikugula mbatatesi, mtsikana wina wamtali adagwada pambali panga n'kundipatsa moni. Sindidamuzindikire mpaka adati, "Ndine Tereza, bwana, wa mlandu uja." Anali atasenza dengu la tomato wa azakhali ake. Ndidamufunsa za sukulu, adati ali Sitandade 7, ndipo masamu akuwakhoza kuposa anyamata. Adati akadzamaliza akufuna kudzatayipa mu ofesi. Ndidamufunsa za bambo ake. Adayang'ana pansi, adati adakwatira kuseri kwa phiri, amabwera mwa apo ndi apo.

"Nanga iwe ukukhala bwanji kwa azakhali?"

"Ndikukhala, bwana. Ndimagona kukhitchini. Asuweni anga amanditcha wa ku khoti."

"Kwanu unapitako?"

"Ndinapita tchuthi choyamba. Sanandipatse moni, ndiye ndinabwerera tsiku lomwelo." Kenako adamwetulira. "Komabe bola kuno, bwana."

Ndidamugulira makope ndi sopo. Madzulo ndidawauza amayi anu monyada kuti mwana uja ali Sitandade 7. Iwo adati, "Mulungu amusunge," n'kupitiriza kusankha nyemba.

Dzinja la 1998

A Filipo adafika pa ofesi yanga m'mawa mvula ikuwaza, opanda nsapato, buluku litanyowa mpaka m'chiuno. Nditangowaona nkhope ndidadziwa. Adati Tereza adadwala mutu, khosi lidauma, ndipo pamene ankapeza ngolo yomutengera kuchipatala zinali zitachedwa. Adatsirizikira panjira dzulo lake. Thupi linali m'nyumba ya azakhali ake.

Ndidakhala pansi. Ndidawapepesa monga timachitira, kenako ndidafunsa kuti mwambo wa maliro uli liti.

"Ndicho ndabwerera, bwana. Akukana kukumba."

Adandifotokozera. Akuluakulu a pamudzipo adati mwanayo si wa mbumba yawo, sangamuike eni ake asanafike. Adatuma mnyamata wa njinga kukanena maliro kwa a Mizeki, ndipo mnyamatayo adabwezedwa asanakhale ndi pansi pomwe. Tsono a Filipo ankafuna pepala la khoti lokakamiza alamu awo kubwera. Kalanga ine, pepala lotero kulibe. Ndidasanthula m'mutu mwanga malamulo onse amene ndidaphunzira, a kale ndi atsopano, ndipo palibe limodzi lonena kuti munthu akakamizidwe kulira. Ndidauza kalaliki kuti aimitse milandu ya tsikulo. Ndidavala jekete, n'kuwauza a Filipo kuti tiyeni tonse.

Tidakwera matola mpaka pamene msewu udathera, kwinako wapansi m'matope. Tidafika dzuwa litapendeka. A Mizeki tidawapeza m'chigafa, atakhala pa mpando wachikumba akusoka fodya. Anali atakalamba kuposa zaka zimene zidapitazo. Adatipatsa moni mwaulemu, adaitanitsa mipando, koma singano sadaiike pansi. A Filipo adagwada pakhomo la chigafacho osalowa.

"Alamu, mwana wanu watisiya," adatero.

"Ndamva," adayankha a Mizeki.

Ndidayamba ine. Ndidayankhula mofatsa poyamba. Ndidati zakale zidapita, imfa ilibe mlandu, mwanayo ndi magazi a mlongo wawo. Ndidati ngati sakufuna kuti thupi libwere kuno, atume munthu mmodzi yekha, ngakhale mphwawo, akangoloza pokumba. Iwo ankangobaya masamba a fodya, kukoka chingwe, kubayanso.

"Bwana," adatero pomaliza, "mwana wa mlongo wanga tinamulira kale, tsiku lija tinachoka ku khoti kwanu. Akazi analira mudzi uno usiku wonse, inu simunamve. Amene wamwalira dzuloyu ndi wa boma."

Pamenepo mtima wanga wapachala uja udandigwira. Ndidaimirira, ndidakalipa, ndidawatchula mawu amene sindilemba muno. Ndidati anali wokonzeka kugulitsa mwana chifukwa cha masamba awa. Anthu adayamba kusonkhana kunja. Iwo adadikira mpaka nditatha, kenako adati:

"Munaima pamaso pa anthu, bwana, n'kunena kuti sindine woyenera kumusunga ali moyo. Lero ndayenera kumusunga atafa?"

Adapitiriza kusoka fodya wawo. Mayi wina, kaya anali mng'ono wa malemu amayi a Tereza, adayamba kulira kuseri kwa nyumba, wina n'kumutontholetsa msanga. Tidabwerera chimanjamanja.

Ana anga, mwina mukufuna kundifunsa ngati ndikadagamula mwina ndikadadziwa zonsezi. Yankho langa ndi lakuti ayi. Mwana wa zaka khumi ndi zitatu sindikadamupereka kwa bambo uja, ngakhale mlanduwo utabweranso mawa. Adakhala pa benchi ya sukulu zaka zina zitatu zimene sakadakhala, ndipo adandiuza ndi pakamwa pake kuti bola. Koma musandiuze kuti zimenezi zimachotsa ululu. Zimandiwawa mpaka lero, ndipo ndikamva anthu pa wailesi akukamba za ufulu wa ana ngati akuimba nyimbo, ndimatseka wailesiyo.

Tidafika pa mudzi wa azakhali a Tereza m'mawa wa tsiku lachitatu. Mudziwo uli pa chitunda, nyumba zake zomwazikana pakati pa minda ya chimanga. Anthu anali ochepa. Amayi angapo adakhala pakhonde atatseka mphuno ndi zitenje, pakuti kunali kutafunda ndipo thupi silikadadikiranso. Bokosi linali lokhomedwa ndi matabwa a chitseko cha khitchini imene ankagona. Anzake a kusukulu adabwera ndi aphunzitsi awo, adaima poteropo atavala mayunifolomu, osadziwa ngati ayambe nyimbo kapena ayi. Adzukulu, anthu okumba manda aja, anali atakhala pansi pa mtengo m'mphepete mwa msitu wa manda, makasu ali pambali.

Ndidapita kwa mkulu wawo, bambo wa imvi wa diso limodzi, n'kumuuza kuti akuchikazi akana. Adagwedeza mutu. Adati iwo kukumba sakukana, ndi ntchito yawo, koma manda sakumbidwa popanda woloza. Mwini maliro ndiye amaima, amaloza malo, amatema khasu loyamba, kuti mawa pakadzabuka nkhani adzayankhe ndi iye.

"Bambo ake ali apawa," ndidatero.

"Bambo saloza manda a mwana, bwana. Inunso mukudziwa."

Ndinkadziwa. Ndidatembenukira kwa azakhali ake. Mayiyo adalira, adati, "Bwana, ndamusunga mwanayu, ndamudyetsa. Koma ndikaloza ine, akwawo adzabwera chaka chamawa kudzati tinamudya ndife, tinafulumira kumukwirira kuti tibise. Ana anga adzakhala bwanji pamudzi pano?" Amuna a pamudzipo onse adayang'ana pansi. A Filipo anali atakhala pa chulu, mutu uli pakati pa mawondo.

Mkulu wa adzukulu adatafuna fodya wake kanthawi, adalavula, kenako adandiyang'ana ndi diso lake limodzi lija. Sadanene mwachipongwe ayi. Adafunsa ngati munthu amene akufunadi kudziwa.

"Kodi amene anamupereka kuno mwanayu ndani?"

"Ndine," ndidayankha.

"Ndiye mwini wake ndinu, bwana. Lozani."

Ndidavula jekete n'kupatsa mmodzi wa ana a sukulu aja. Mkuluyo adanditsogolera, osati mkati mwa msitu mmene mudagona eni mudzi, koma kumphepete, kumene amaika alendo ndi anthu ongodutsa. Ndidasankha pamalo pouma, pafupi ndi mtengo wa msuku. Adandipatsa khasu. Ndidatema kamodzi, dothi lofiira lidatembenuka, ndipo adzukulu adaimirira onse n'kuyamba ntchito yawo. Pamwambo, pamene amaitana mwini mbumba kuti ayankhule, adaitana ine. Ndidanena dzina lake, ndidanena kuti ankakhoza masamu. Zina zidandikanika.

Chaka chilichonse mvula ikatha ndakhala ndikupita kukalambula pamandapo, ndipo mwala umene uli pamenepo ndidaika ndine nditalandira za kupuma pa ntchito. Tsopano miyendo yanga siikwera zitunda. Grace, iwe ndiwe wamkulu, njira ndidakusonyeza ulendo uja unkadandaula kuti nsapato zako zatha. Mukafika pa msitu musalowe mkati, muzungulire kumanja mpaka pa msuku. Muzipita ndi khasu lanu, musakabwereke pamudzipo. Mukapanda kupita inu, palibe wina amene adzapite.